Mukamwa mwa Hosea

"...ndiye ndikukuuza iwe Tionge, maso angawa sanama. Beseni, thonje, anthu awiri, katani atseka. Ukufuna ndionenso chiyani?"

Ni ba Maud abo, ba anti bake Tionge, alongo ba batate bake, benze kukamba monong'ona pa benchi ya mu kolido ya chipatala chikulu mu tauni. Tionge enze angobwela kuchoka ku geti na vitumbuwa mu pulasitiki, vikali vopya.

Kuseli kwa chitseko cha galasi ndiye kwenze wodi ya bana bodwala maningi. Pa bedi ya pakona penze kamulongo kake Tionge, Hosea, ka giledi wanu. Kanagwa kuchoka pa malata ya nyumba kwao ku Kalikiliki potenga chimpombwa, kabola kaja ka mapulasitiki, mutu pa simenti. Madokota banamugoneka dala na mankhwala kuti mutu upumule, bamuika paipi mukamwa yofika mpaka mu chifuba, ndiye mashini yenze kumupumila. Mashini kupumila muntu imwe! Fuuu, shiii, fuuu, shiii, osalema olo pang'ono.

Manje muzibe ba Maud. Ba Maud ni ba Chigwirizano ku chechi, banakulila ku Katete, chinyanja chao chija chozama cha kumunzi. Mu komboni muntu akamwalila ndiye bamaitanidwa kukasambika ku mochale. Basambika bambiliii. So beve bakaona beseni na thonje pafupi na muntu wogona zii, mutu wao uziba chintu chimozi chabe.

"Sanatiuze chifukwa amake kulibe," ba Maud banakamba, bamanga chitenge mwamphamvu. "Ndi mmene amachitira. Ndaimba kale kwa amalume ako a Levy kuti atulutse mipando m'nyumba. Koma amako usawaimbire, ali m'basi akubwera, angadzigwetse pa windo."

Vitumbuwa pansi, pwa.

Tionge sanalile. Mendo chabe ndiye yanayamba yeka kuyenda. Chitseko chija cholembedwa kuti osangena anachikankha monga ni cha kukhichini kwao, kuthamanga pakati pa mabedi, kukoka katani, kwaa!

Mashini yenze kupuma. Tumanambala twa gilini pa sikilini twenze kuvina bwino bwino. Kachifuba ka Hosea kakwela, kaseluka, kakwela, kaseluka.

Ba nesi babili banatembenuka. Bakulu benze ba Ngosa, ba ku Kitwe, bonenepa, mau monga ba pasta. Benango ba Chisala, batali bosakamba kamba.

"Iwe kamwana, wangena bwanji na manja yosasamba?"

"Afa?"

"Ndani? Uyu? Awe mwandi! Uyu tifuna kumusuka meno."

Meno. MENO kkkkkk. Tionge anayangana mu beseni, zoona muli kamswachi kang'onooo, kochepa kuchila chala cha kumapeto. Anaseka, analila, vonse pamozi, mamina mbwee. Muntu sadya, samwa, sakamba, koma bamusuka meno monga ayenda ku sukulu!

Ba Maud banafika kumbuyo bapumila m'mwamba. Banaona chifuba chiyenda, banagwila pamtima, "Yesu wanga." Koma nsangala yao sinakhalitse. Menso yanabwelela pa thonje paja, nkhope yasintha. Banangena pakati pa ba nesi na bedi, manja tambasu.

"Lekani. Wamoyo sapukutidwa pakamwa ndi thonje ali chigonere. Amenewo ndi malodza, mukumuitanira imfa mwanayu. Mpaka amake afike palibe womugwira."

"Bamayo," ba Ngosa banakamba, "poyamba sambani manja, nonse babili. Apa pa sinki. Valani na ivi."

Banabapasa ma epuloni ya pulasitiki na mamasiki. Ba Maud banasamba, koma cham'mbali, diso imozi ili pa bedi, bamaliza babwelela pamene paja penze baimilila.

Ba Ngosa sibanakalipe. Banangoloza pakamwa pa Hosea, pamene tepi inagwilila paipi.

"Imwe na ine timameza mate osaziba na kuziba. Chikatipalamula pakhosi, takhosomola. Uyu sangameze, sangakhosomole. Mate yangokhala mukamwa, ndiye tuzilombo tubalana mwamene muja. Tukachuluka tuseluka na paipi iyi, monga manzi ya mvula mu ngalande, mpaka ku mapapo. Ndiye chibayo icho. Mutu ungapole bwino bwino, chibayo ndiye chamutenga. Taonapo mukwai. Ndiye chifukwa tisuka pafupi pafupi, sitilindila kuti kuche."

Tionge anayangana pakona pa milomo ya Hosea. Penze tumate twoyela twaundana, twina twauma. Apo ndiye mantha yeniyeni yanamugwila, kuchila yaja ya mu kolido. Anaimba foni ya ba mami bake kuti babwele bakambe beve. Yozima. Anaimba futi. Yozima. Ndipo basi ya ku Mtendere yamene benze bakwela muiziba, iimilila pali ponse pamene kondakita aona muntu olo ali kutali asamba.

"Ine zimenezo sindikuzidziwa," ba Maud banakamba. "Chomwe ndikudziwa ndi thonje."

Manje ba anti sungabauze kuti mwalakwa, iyai. Ungafune mbama pamenso pa bantu. Tionge anayangana pansi, kusisita epuloni, ndiye anafunsa mwaulemu monga afuna kuphunzila nchito.

"Ba anti, nifunseko. Imwe mukamasambika kuja, pakamwa mumachita bwanji?"

"Funso lanji limenelo pamaso pa wodwala?"

"Nifuna chabe kuziba."

Ba Maud banachepesa mau. "Timatseka. Thonje mkati, kenako kansalu kumanga chibwano kuti pasatsegukenso."

"Nanga aba bafuna kutseka?"

Ba Maud banayangana thonje ija.

"Ise tisegula bamayo," ba Chisala banakamba, koyamba kumveka mau yao. "Ndipo sitisiyamo kantu."

Ba Maud banayangana ba Chisala, bayangana kamswachi, bayangana mwana. Banasendela kumbali pang'onooo, monga muntu apasa mpata mu basi koma safuna.

"Ndione. Koma ndikaona thonje latsala mkatimo, ndikuwa mpaka ku geti amve."

Imwe, vamene Tionge anaona apo!

Ba Chisala banayamba bayangana ngati bedi ikali yokwezeka kumutu, chifukwa ati mwana wa pa mashini sagona fulati. Ndiye banagwila paipi ija na tuvala tubili, mosamala monga bagwila dzila ya nkhunda, kuti isasunthe olo pang'ono. Ba Ngosa banatenga kapaipi kenango kang'ono kokoka mate, bangenesa mu saya, shrrrrr. Vonse venze vikhalile muja vinayenda mu kapaipi mpaka mu botolo ya pa chipupa. Vonanda, vachikasu chikasu.

"Zonsezo zinali mkamwa mwa mwanayu?" ba Maud banafunsa.

"Na ivi ni va kuchoka m'mawa chabe."

Ndiye kamswachi. Banakanyowesa na tumanzi twa mu kabotolo ka chipatala, osati twa pa pompi. Dino imozi imozi, mozungulila, kutsogolo, kumbuyo. Nkhama. Lilime. Mukati mwa masaya na thonje ya pa kamtengo. Kadontho ka manzi kakangena chabe, kapaipi kaja kali kale pamenepo, shrrr, kachosa, kulibe yopita kukhosi. Manja ya ba Ngosa ni yakulu monga ya bomenya buloko, koma mukamwa muja yenze kuyenda monga ya muntu oluka tsitsi ya kakhanda. Tionge anaibala na kupuma.

Ndipo benze kukamba naye!

"Ba Hosea, manje tiyende uku kumanzele mukwai. Ehee. Mwachita bwino. Ba sisi banu bali pano, babwela na vitumbuwa koma bataya."

"Mumamulankhula?" ba Maud banadabwa.

"Lyonse, ntawi zonse. Kapena amvela."

"Nafenso timawalankhula kuja." Ba Maud banayangana Hosea. "Koma athu aja sayankha."

Pamene apo, imwe, pamene apo! Ba Ngosa banafika ku meno ya kumbuyo, kamswachi kanaima. Bakoka, sikabwela. Hosea anakaluma! Tunsidze twake twakwinyika, kamphuno kakwela m'mwamba, nkhope ija yeniyeni yamene amapanga kunyumba ba mami bakamupilikisa kuzungulila dilamu ya manzi na mswachi kumanja, eve akuwa ati kolgeti ibaba.

"Aluma! Ba anti aluma!" Tionge anakuwa mu masiki.

"Shhh iwe, muli bodwala muno," ba Ngosa banakamba, koma nabeve menso yenze kuseka. "Aha, ba bwana bayamba nthota. Lekani mukwai, lekani, mungalume na paipi." Banamusisita pa saya pang'ono pang'ono mpaka analeka.

Ba Maud benze kale pansi, bagwada pa simenti ya chipatala na epuloni yao ya pulasitiki, bafuna kululuta koma baopa ba nesi, ndiye yenze kuchoka chabe kamau mu masiki monga kamwana ka pusi kkkkk. Misozi mbwe mbwe mbwe.

"Zaka zonsezi ndagwira pakamwa pa anthu," banakamba, "palibe anandilumapo."

Pothela ba Ngosa banafinyila tumafuta pa chala cha Tionge, cha mu gulovu. "Muzoleke milomo, isang'ambike." Tionge anazoleka. Milomo yenze yofunda. Yofunda imwe. Anazoleka futi kachibili olo penze pakwana kale.

Banachoka mu wodi monga bachoka mu chechi. Bafika pa benchi paja, ba Maud banaima njii.

"Mipando!"

Foni ku khutu. Kuja ku Kalikiliki ba Levy benze bachosa kale masofa yonse panja, TV baipeleka kwa ba neba, bazimai ba mu layini bayamba kufika na vitenge, benango bayamba na kanyimbo pansi pansi.

"Bwezani mipando! Ali moyo! Amangomutsuka mano!"

Mau ya ba Levy yenze kumveka mpaka pamene Tionge anakhala. "Meno?? Mulamu, nanga nkhuni izi nabwelesa pa wilibala nizichite chani?"

Ba mami banafika patapita kantawi, bapepesa ati basi inafela pa malaiti, bafunsa ngati kuli nkhani. Ba Maud ati "ayi mlamu, kuli bwino, wangotsukidwa mano basi." Tionge anachita kuluma chitenge kuti asaphulike.

Kuchoka siku ija ba Maud banasanduka kapitao wa mukamwa mwa Hosea. Nesi aliyense ongena pa shifiti bamuimika pa chitseko, "Mwanangu, mwamutsuka? Kumbuyo kwa paipi mwafikako?" Bazimai ba ku chechi banabwela na kabotolo ka manzi yopemphelela ati timudonthezeko pa lilime, ba Maud banabalanda. "Pamphumi pokha. Mkamwa simulowa kanthu, mukufuna zitsikire ku mapapo?" Beve bamene benze kukana aba!

Koma siku ina masana thupi ya Hosea inapya. Ba Ngosa sibanaseke siku ija. Banabwelesa chimashini chojambula chifuba, chamawilo, bachikankha mpaka pa bedi. Tionge anakhala pa benchi manja pakati pa mendo, mutu uli chabe chibayo, chibayo, chibayo. Aganiza tuzilombo tuja tuseluka na paipi. Mwina penze pena pamene kamswachi sikanafike. Mwina ntawi ija banachedwa bakangana. Ba Maud pambali pake benze kupemphela osasegula pakamwa, naye anaziba kuti baganiza chimozimozi.

Ba dokota banachoka na chithunzi pa foni yao, baonesa ba mami. Tumbambo twa mu chifuba cha Hosea tonse tuoneka, tung'ono tung'ono monga twa nsomba.

"Mapapo yali bwino, mulibe chibayo. Kupya uku kwachokela pa dilipu ya pa kwanja, tasintha kale."

Ba Maud banagwila ba Ngosa kwanja na manja yabili. "Ndi kamswachi kaja."

"Kathandiza bamayo. Si keka, vintu ni vambili, ndipo nthawi zina chimabwela olo usuke bwanji. Koma kathandiza."

Paipi banaichosa pa Chisanu m'mawa. Banayamba bachepesa mankhwala yogoneka, Hosea ayamba kusegula menso, kuyangana yangana, kufuna kukoka vintu. Tionge banamulola kuimilila ku mendo kwa bedi. Ba Ngosa banakoka mate komaliza, shrrr, bamasula tepi, ba dokota bati "khosomola mwana wanga," ndiye paipi yonse inachoka, itali imwe, Tionge sanakhulupilile kuti yonse ija yenze mukati mwa kamuntu kang'ono so. Hosea anakhosomola, akhosomola futi, nkhope yafiila.

Ndiye anakoka mpweya. Yeka. Mashini ili chete pambali, kachifuba kakwela keka, kaseluka keka.

Anayangana ba mami, ayangana Tionge, ndiye na kamau kosasa monga ka nkhalamba yokoka fodya anati, "Nimvela njala."

Tionge anathamangila mu kolido kutumila Karen, munzake wa mu kilasi wamene enze kumukopelela manotsi masiku yonse aya. Anamutumila voisi yosamveka na kumveka, kuseka na kulila chabe na "apuma yeka, apuma yeka iwe!" Sipanapite na kantawi foni yalila. Karen analemba:

"IWEEE Tionge nalila mu basi mpaka kondakita anifunsa ngati banibela foni kkkkk. Mulungu ni mukulu mwandi. Mufunse afuna chani nibwelese mailo, olo ni chikanda nizamugulila, koma ufunse ba nesi poyamba nisabwele kukalipiwa"