Ndudu Zinayi Patsiku

Mayi Gertrude anaona banga lobiriwira pabulauzi yawo Lachiwiri, akusita zovala za abwana ku Benoni, kudziko la eni. Atalowa m'bafa anapeza nsonga ya bere lakumanzere italowa mkati, ikutuluka timadzi tomata. Anali ndi zaka makumi asanu, ndipo akulu awo anamwalira ndi khansa ya m'mawere ku Mulanje.

Anakhala chete masabata awiri, akungoikapo thonje. Amene anatulukira nkhaniyi ndi mwana wawo Lusubilo, akuchapa kunyumba kwawo ku Wattville.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Thukuta."

"Thukuta silioneka chonchi. Mawa tikupita."

Kukiliniki anawatumiza kuchipatala chachikulu, komwe anawajambula n'kuwauza tsiku lobwereranso. Chingerezi cha Mayi Gertrude chinali cha kukhitchini basi, choncho patsiku la zotsatira Lusubilo analowa nawo kuti azimasulira.

Dokotala, mzimayi wachizulu, anakhalitsa pakompyuta asanalankhule. Mayi Gertrude ankangoyang'ana pakamwa pa mwana wawo.

"Akuti si khansa," anatero Lusubilo. "Ndi timitsempha ta mkaka takula n'kutsekeka. Zimachitika mzimayi akamayandikira kusiya kusamba."

Mayi Gertrude asanapume n'komwe, dokotala anafunsa china. Lusubilo anaseka n'kuyankha yekha, koma dokotalayo analoza mayiwo ndi cholembera.

"Akufunsa ngati mumasuta. Ndawauza kuti ndinu mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, koma akuti muyankhe nokha. Akuti fodya amatha kuchititsa kuti timitsemphato tizitupa."

Mayi Gertrude anafinya chikwama chawo. Akanatha kukana, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anakumbukira mmene akulu awo anabisira matenda mpaka kuchedwa.

"Uwauze kuti zinayi patsiku. Kuseri kwa galaja, kuntchito."

Lusubilo sanamasulire msanga. Dokotala anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, mpaka mwanayo anatulutsa mawuwo maso ali pansi. Dokotalayo anawalembera mankhwala, kuwauza kuti azithowa berelo ndi nsalu yofunda, asiye fodya, ndipo abwerenso pakatha mwezi.

Atafika pokwerera matakisi, Lusubilo anafunsa.

"Abambo ankadziwa?"

"Ndinayamba sabata yomwe tinawaika m'manda. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano."

"Nthawi yonseyi ine ndili m'nyumba momwemo."

"Unkalira kale mokwanira."

Takisi itafika, Lusubilo anawalandira chikwama, n'kupempha bambo amene anakhala pafupi ndi chitseko kuti asunthe, amayi ake asapanikizike kumanzereko.