Sataya

Galu uja anabwera ndi mzungu wa kumishoni, ndipo mzunguyo atafa ndi malungo, anatsalira Nowa, woweta mbuzi m'mapiri a ku Msakambewa. Koma galu wake! Gwape amudutse pamphuno, iye phee. Anthu ankaseka: "Nowa, ukudyetsa mlesi."

Nowa akangoimba mluzu, mlesiyo ankayenda chokwawa, mimba pansi, maso ali pa mbuzi, n'kuzizungulira mpaka zonse zitalowa m'khola. Yosochera ankailondola ngakhale kuphompho, n'kuibweza poiluma pang'ono kumwendo, osatulutsa magazi. N'chifukwa chake anamutcha Sataya. Ankamukonda, tisabise, kuposa abale ena.

Nkhondo ya Ajeremani itavuta, asilikali anayamba kugwira amuna kuti akasenze katundu wa nkhondo kumpoto. Obadiya, mkulu wake wa Nowa, anatengedwa, ndipo kunabwera bulangete lake lokha. Tsono atamva kuti asilikali afika kutsidya, Nowa anauza mkazi wake Lenia: "Galuyu mum'mange, musam'masule. Ine ndikabisala kuphanga."

Ali kuphangako ankaona mudzi wonse m'munsi. Dzuwa litapendeka anaona asilikali atakhala pabwalo, akudikira amuna. Anaonanso mbuzi zake zitalowa m'chimanga cha eni, Lenia akuthamanga uku ndi uku, mwana ali kumsana. Kenaka anamva mluzu, uja wake womwe. Anali Lenia: mayiyu anali atatopa, n'kumasula galu.

Sataya anasonkhanitsa mbuzi zija bwinobwino, asilikali mpaka kuwomba m'manja. Ataima pakhomo la khola, ananunkhiza. Chinalipo chosowa. Anatembenuka, liwiro kuphiri.

Nowa anamuona akufika kuphangako. "Choka, Sataya! Choka, mwanawe!" Anatola mwala waukulu, woti kamodzi kokha pamutu, basi. Dzanja linakana. Galu anamuzungulira, mimba pansi, n'kuuwa mokondwa kuti wapeza yosochera. Asilikali sanavutike n'kufunafuna.

M'mawa anamumanga chingwe m'chiuno pamodzi ndi amuna ena, ulendo wa ku Dowa. Lenia ankalira m'mbali mwa njira, akudzimenya pachifuwa. Nowa anapatuka pang'ono kuti amuuze kuti alibe naye mlandu.

Sanathe n'kuyamba komwe. Mano anamugwira kuchidendene, pang'ono pokha, osatulutsa magazi. Sataya anamubwezera mumzere, akugwedeza mchira.