Petulo Woyera mu Chule wa a Mtambalika

1.
Injini ya masilinda awiri. Awiri basi. Njinga ya kabaza ikakumana nayo imapereka moni wa pachibale.

2.
Galimoto ya a Mtambalika, mkulu wopuma ntchito ku positi, timaitcha Chule. Loweruka iyenera kunyamula mwana wawo Tiyanjane kuchokera kutchalitchi, monga inanyamulira mayi ake. Lero ndi Lachinayi. Chule wagona pagalaja panga pa Chinamwali, injini yauma gwa.

3.
Mposa mvetsera, amatero mkuluyo akabwera kudzapopetsa matayala, nkhondo itatha ku Japan anthu analibe kanthu ndiye boma linati injini ya kagalimoto ka osauka isapyole 360 pa kukula kwake, amisiri nkubwereka nzeru za njinga zamoto, masilinda awiri, oyilo kusakaniza mu petulo, utsi wabuluu, kenako malire anakwera kufika 550, kenako 660, masilinda nkukhala atatu, utsi nkutha, ana a lero nkuiwala, ukumva Mposa, ine eee bwana ndikumva, maso ali kutsidya kwa msewu pa mayi wootcha chimanga

4.
Amene anampitirirapo Chule pachitunda:
wamakala,
ngolo ya abulu,
mlaliki woyenda pansi,
maliro.

5.
Awiri basi.

6.
Mkamwini wa a Mtambalika ndi Limbani. Digiri, nsapato zosongoka, m'manja mofewa ngati mkate wa m'sitolo. Dzulo anati asangalatse apongozi. Anatenga Chule, anamumwetsa petulo woyera wopanda dontho la oyilo, ulendo wa ku Domasi. Pa mlatho, khooo. Zii.

7.
Munthu wopha injini ndi ludzu angasunge mwana wanga? anakalipa a Mtambalika pagalaja, anthu atadzaza. Ukwati kulibe!
Adadi, ndi galimoto chabe, anatero Tiyanjane.
Chabe? Mayi ako anatsika m'menemu atavala velo!
Limbani anangoyang'ana nsapato zake.
Ine ndinaseka kuposa onse. Digiri! ndinakuwa. Sukulu yonse ija, oyilo osamudziwa!

8.
Iwe Mposa, waseka bwino. Mano onse panja. Zaka makumi atatu wakhala ukupopa matayala a Chule, boneti sunatsegulepo, umati galimoto ya zidole sugwira. Nanga chakudya chamasana chakukaniranji?

9.
Limbani sanatchule dzina la munthu. Wophunzira wopusa. Ine ndikanakhala iye ndikanaloza chala msangamsanga.

10.
Ndawapeza a Mtambalika pakhonde, akupukuta kabotolo kawo koyezera oyilo.
Bwana, dzulo mnyamata uja anayamba wadzera kwa ine, botolo la oyilo lili m'manja. Anafunsa kuti athire wochuluka bwanji.
Ndiye?
Ndinamulanda. Ndinati oyilo mu petulo ndi zikhulupiriro za nkhalamba, usadzichititse manyazi ndi digiri yako.
Mkuluyo sanadzutse mutu.
Ndikudziwa, Mposa. Botolo langa ndinaliona pashelefu yako, ukuseka muja.
Nanga ukwati mwauthetseranji?
Ndauthetsa kuti? Abusa ndawauza? Ndimafuna ndione ngati mnyamatayo angagulitse mnzake kuti apulumuke. Sanakugulitse, ngakhale ndiwe katundu wotchipa.
Ndinati ndiseke. Sizinatuluke.
Nyamula masipanala, anatero. Ukatsegule boneti ija, ine ndikhala pambali ndizikuuza za ku Japan kuyambira pachiyambi. Loweruka ndi mkuja.