Masamba Amene Chiswe Chinadya

Tikhala Namaona anayamba ntchito yosunga mabuku pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Magomero mu Januwale, mvula ili pakati. Laibulale yake inali chipinda chimodzi: mashelefu atatu a mabuku a silabasi, tebulo, ndi bokosi lachitsulo lomwe linali pakona, pamwamba pake atasanjikapo makasu a pasukulu.

Sabata yachitatu anafunsa ahedi, a Mulepa, kuti m'bokosimo munali chiyani.

"Mabuku akale," anatero a Mulepa. "Anachokera ku chipinda chowerengera chomwe chinali pa Boma kalekale. Atachitseka anadzawatula kuno. Inenso ndinalipeza pomwepo bokosilo. Mukapeza mpata musankhe oti n'kuwerengeka, otsalawo tidzakolezere moto."

Tikhala atatsegula, fungo la chinyontho linamutsamwitsa. Munali mabuku makumi anayi ndi atatu, ang'onoang'ono, mapepala ake atasanduka achikasu. Onse anali a Chingerezi, osindikizidwa ku America pakati pa 1945 ndi 1965. Atawayala pansi anaona kuti anali a mitundu iwiri. Ena pachikuto panali zombo zosongoka zikulowera ku nyenyezi, ndi anthu ovala zipewa zagalasi. Enawo anali olembedwa ndi anthu akuda a ku America, ofotokoza za moyo wawo kumeneko.

Sanakolezere moto ngakhale limodzi. Anaganiza zoti aziwerenga buku limodzi pa sabata, n'kulemba ndemanga yake pa theka la pepala, n'kumata pachitseko Lolemba lililonse, kuti mwina wina angakopeke n'kubwereka.

Anayamba ndi la zombo. Linali la anthu omwe anakatera pa dziko lina kumene dzuwa likatuluka limatha zaka zinayi lisanalowe. Ndemanga yake inati: "Wolemba bukuli ankakhulupirira kuti pofika 1995 anthu adzakhala akulima pa mwezi. Koma woyendetsa chombo chake akafuna kudziwa njira amatulutsa pensulo ndi pepala. Foni ya m'thumba sanailote n'komwe. Werengani muone zomwe analosera bwino ndi zomwe anaphonya." Aphunzitsi awiri anaseka powerenga, mmodzi n'kubwereka bukulo.

Mu Juni anafika pa buku lomwe linamusowetsa mtendere. Linali la mkazi wina wakuda, telala, yemwe anachoka ku minda ya thonje kum'mwera kwa dzikolo n'kukwera sitima ndi makina ake osokera, kupita ku mzinda waukulu wa kumpoto kukafuna mlongo wake amene anasiya kulemba makalata. M'sitimamo anamukhazika m'ngolo ya akuda okhaokha, kufupi ndi utsi. Kumzindako anayenda khomo ndi khomo, ku mafakitale, ku matchalitchi, ku nyumba zometera. Tikhala analiwerenga masiku awiri okha. Atafika pa tsamba 188, telalayo atangogogoda pachitseko cha nyumba yomwe anamulozera, bukulo linathera pomwepo. Chiswe chinali chitalowera kuchikuto chakumbuyo n'kudya masamba onse otsala. Panangotsala timizere ta m'mphepete, tokhala ndi liwu limodzi kapena awiri.

Anayesa kufufuza pafoni. Anangopeza chithunzi cha chikuto ndi chaka chomwe linatuluka, basi.

Chomwe chinapulumuka chinali khadi la obwereka, lomwe linali m'kathumba kuchikuto chakutsogolo. Panali mayina asanu ndi awiri, olembedwa kuyambira 1971 mpaka 1977. Tikhala anapita nalo kwa a Mulepa.

"Awa anamwalira," anatero ahediwo, chala chikutsika pakhadipo. "Awa sindikuwadziwa. Koma Hamadi Jana uyu ndi Che Hamadi, ogulitsa zitsulo za njinga pa Boma paja. Mukufuna mukawatani?"

"Ndikufuna andiuze mmene linathera."

"Buku loti anawerenga zaka makumi asanu zapitazo?"

"Mwina akukumbukira."

Loweruka anakwera njinga yamoto mpaka pa Boma. Che Hamadi anali bambo wamtali, wa ndevu zoyera, atakhala pakati pa matayala ndi matcheni olendewera. Atapatsana moni, Tikhala anatulutsa bukulo. Iwo analitembenuza kawiri, n'kuyang'ana dzina lawo pakhadi nthawi yaitali.

"Dzanja langa linali lokongola nthawi imeneyo," anatero. "Ndikulikumbuka bukuli, mwanangu. Ndinkaliwerengera kuseri kwa sitolo ya bambo anga. Mkazi uja anamupeza mlongo wakeyo. Amene anatsegula chitseko anali iye yemwe. Koma mnyamatayo anali woyererako khungu, ndiye kumeneko ankadzitcha mzungu, anali atakwatiranso mzungu. Anamuyang'ana mlongo wakeyo n'kunena kuti, pepani mayi, kuno sitikufuna wantchito."

Tikhala anathokoza, natenga bukulo. Koma ali m'njira yotuluka anaima.

"Che Hamadi, koma tsamba lachiwiri likuti mlongoyo anali wakuda bii, moti kwawo ankamuseka nazo."

Anawatsegulira pamalopo. Iwo anavala magalasi, nawerenga pang'onopang'ono.

"Zoonadi," anatero mwakachetechete. "Ndiye zimene ndakuuzanizi ndazitenga kuti?" Anabwerera pakhadi paja. "Pitani kwa Mpama mukafunse mayi awa, Enelesi Muhiwa. Onani, anabwereka katatu motsatizana. Ameneyu ndiye analidya bukuli. Amabwera pano kudzagula machubu."

Tikhala anapita kwa Mpama Loweruka lotsatira. Anawapeza mayi Enelesi pabwalo akupuntha nandolo, mayi wamfupi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Atamva chomwe mlendo wabwerera, anapukuta manja pachitenje, nalandira bukulo ndi manja awiri.

"Ine sindinalimalize," anatero.

"Koma munabwereka katatu, amayi."

"Eya, chifukwa ndinkawerenga pang'onopang'ono. Ndinali Sitandade 8. Liwu lililonse lovuta ndinkalemba pakapepala, mawa lake n'kukafunsa aphunzitsi. Kenako azakhali anga a ku Limbe anadwala, bambo anati ndipite ndikawasamalire. Ndinabweza bukuli Lachisanu, Lolemba ndinali ku Limbe. Sukulu inathera pomwepo." Anatsegula, nafufuza, naloza. "Ndinalekera apa. Mkaziyu anali atakhala m'nyumba yometera, wometayo akuti dikirani, pali munthu amene akumudziwa mlongo wanu. Zaka zonsezi kwa ine akadali pabenchi pomwepo."

Panali pa tsamba 161. Tikhala anawauza kuti patsala masamba makumi awiri ndi asanu ndi awiri oti n'kuwerengeka, kenako chiswe.

"Ndisiyireni," anatero mayiwo. "Amenewonso ndi ambiri."

Pomuperekeza anamuuza chomwe chinawakokera ku bukulo. Mchimwene wawo wamkulu, Alufeyo, anapita ku migodi ya ku Joni iwo ali aang'ono. Analemba makalata atatu, kenako zii. Panalibe wa m'banjamo amene anapita kukamufuna. Choncho atapeza buku la mkazi amene ananyamuka n'kupita, ankafuna adziwe chimene munthu amakapeza akatero.

Patatha masabata awiri mayi Enelesi anatulukira kusukulu kuja pa njinga yawo yakapalasa, bukulo atalikulunga m'pepala lapulasitiki. Anaima pachitseko n'kuwerenga ndemanga zonse zomwe zinali pamenepo, imodzi ndi imodzi, asanalowe.

"Telala uja wagogoda," anatero poika bukulo patebulo. "Tsopano wachoka pabenchi, waima pakhomo. Mundipatseko lina. Ndiyeseko awa a nyenyeziwa."

Kuyambira pamenepo ankabwera Lachinayi lililonse lachiwiri. Ankawerenga msanga kuposa kale, mawu ovuta n'kumangowadumpha. Ndipo sankagwirizana ndi ndemanga zambiri za Tikhala. Buku lina lomwe Tikhala analiyamikira, la makina oganiza omwe anapatsidwa udindo woweruza milandu m'mzinda wina, iwo anati wolembayo sanakhalepo pabwalo la milandu. Tsiku lina anabweza mabuku awiri nthawi imodzi, nawaika moyandikana.

"Mwanawe, ndawerenga asanu a zombo. M'zombo zonsezo simunakwere munthu wakuda ngakhale mmodzi. Akazinso alimo owerengeka, ndipo ntchito yawo ndi kuthira tiyi. Anatisiya kuti ife?"

"Mwina olembawo sanatiganizire."

"Nanga awa akudawa? Ndawerenga anayi. Palibe amene akukamba za zaka zana zikubwerazo. Onse akulimbana ndi lero, kuti agone pati, alowe khomo liti, abwerako bwanji kuntchito osamenyedwa. Koma taonani zaka zake. Ili 1953, ilinso 1953. Dziko limodzi. Kodi anthuwa ankakumana m'misewu?"

Tikhala anali atawerenga mabuku onsewo koma sanawaikepo pamodzi chotero. Anapempha mayiwo kuti alembe zimenezo papepala. Anakana kawiri, ponena kuti dzanja linauma ndi khasu. Kachitatu analemba mizere isanu ndi umodzi m'Chinyanja, n'kusaina dzina lawo lonse. Lolemba pepalalo linali pachitseko. A Mulepa analiwerenga, nalichotsa, nakaliwerengera a Fomu 4 m'kalasi, kenako n'kudzalibwezera.

Nayenso Che Hamadi nkhani ija sinawachoke. Ankaimbira Tikhala foni kufunsa ngati wapeza kanthu. Pomaliza anatumiza chithunzi cha chikuto kwa mwana wawo Shamima, yemwe ankaphunzira za unamwino ku America. Shamima anati ayesa, koma asayembekezere zambiri. Panapita miyezi iwiri. Mu Okutobala anatumiza uthenga kuti laibulale ya payunivesite yake yalipeza bukulo m'nkhokwe ya mzinda wina, ndipo anajambula masamba onse makumi atatu ndi limodzi.

Tikhala, mayi Enelesi ndi Che Hamadi anakumana kusitolo kuja Lachitatu masana, kunja kukutentha. Che Hamadi anatseka chitseko chimodzi kuti ogula aganize kuti kulibe munthu. Tikhala ndiye anagwira foni, akuwerenga Chingerezicho n'kumamasulira pomwe pavuta.

Amene anatsegula chitseko anali mayi wokalamba, mwini nyumbayo. Anati mnyamatayo anakhaladi pamenepo, m'chipinda cham'mwamba, koma anachoka zaka ziwiri zapitazo kulowera kumadzulo, osasiya keyala. Anali munthu waulemu, wokonda kuimba akamasamba. Anasiya jekete lokha, long'ambika pamkono. Telala uja anakwera kukaona chipindacho. Chinali chopanda munthu. Anakhala pabedi mpaka dzuwa kupendeka, kenako anafunsa ngati angakhalemo iyeyo. Anaika makina ake pawindo. Choyamba kusoka chinali jekete lija. Masamba otsalawo ankafotokoza za anthu a mumsewumo akumubweretsera zovala, ndi za chisanu choyamba chomwe anachiona. Pa tsamba lomaliza anali akulembera amayi ake kalata. Anafufuta katatu, kenako analemba kuti kuno kukuzizira kwambiri, koma ntchito ilipo.

Tikhala anatsitsa foni.

"Basi?" anafunsa Che Hamadi.

"Basi. Pansi pake palibenso kanthu."

"Sizimene ndinawerenga ine."

Mayi Enelesi anasendera pafupi ndi foniyo. Kenako anapempha Tikhala kuti abwereze pamene mwini nyumba ananena zoti mnyamatayo ankaimba posamba. Tikhala anabwereza.

"Achimwene anga ankaimba mluzu," anatero mayiwo. "Ndinali nditaiwala." Anadzuka, namanga chitenje. "Wachita bwino kusapitirira kumadzuloko. Akanangotha nsapato. Koma ndikanakonda akanawauza amayi akewo zoona."

"Akanawapha nazo," anatero Che Hamadi.

"Amayi anga anamwalira akudikira. Sindikudziwa chabwino n'chiti."

Tikhala anakasindikiza masambawo pa sitolo ina ya pa Boma, nawadula kuti afanane ndi bukulo, n'kuwasokerera ndi ulusi. Anali oyera mbee pambali pa anzawo achikasu. M'ndemanga yake sanaulule mathero. Anangolemba kuti owerenga awiri akale sanagwirizane ngati telalayo anachita bwino, ndipo amene awerenge abwere adzanene maganizo ake.

Che Hamadi sanakhutire. Ankaumirira kuti munthu wokana mlongo wake pakhomo uja anamuwerenga ndithu, ndipo ayenera kuti ali m'buku lina la m'bokosi lomwelo. Anapempha kuti Tikhala aziwatumizira awiriawiri kudzera kwa mphunzitsi wina wokhala pa Boma. Tikhala, yemwe anali atawerenga onse, anawauza kuti mulibe nkhani yotero.

"Inu munawerenga mothamanga," anatero iwo.

Pofika Disembala anali atamaliza khumi ndi anayi. A anthu akuda atatha analowa a zombo, ati mwina mnyamatayo anathawira kumeneko. Ogula machubu anayamba kudandaula kuti masiku ano ukafika pasitolopo umayenera kuitana kawiri.