Kabati ya kwa Orna

Tsikulo ntchito inali yanthawi zonse: kusambitsa mwana wanga Yazan, kuviika nyemba, kukagula mankhwala a shuga a apongozi, kukolopa masitepe, kenako kunyamula dengu la zovala kuwoloka nalo msewu kupita kwa Orna. Makina athu ochapira adafa chaka chatha. A kwa Orna akadali moyo.

Orna ndi Myuda, ife ndife Apalestina a muno mu Yafa. Nyumba imene iye akukhalamo adamanga ndi bambo awo a apongozi anga, asanachotsedwemo pa nkhondo ya 1948. Apongozi adabadwa pambuyo pake, sadapondemo n'kamodzi komwe. Ine ndinkalowamo kawirikawiri, nkhaniyo osaitchula. Sukulu ndidasiyira panjira, koma ndimadziwa kuti mabulangete sachapika ndi mbiri yakale.

Pasaka wawo akafika, Ayuda saloledwa kukhala ndi buledi kapena chilichonse chotupitsa. Ndiye amagulitsa zonsezo kwa munthu wamtundu wina kwa sabata, chikondwerero chikatha n'kuwombola. Orna adandigulitsa kabati yonse ya m'khoma, yodzaza makaroni ndi mabisiketi. Ndidampatsa shekeli imodzi, kandalama kakuno, iye adandipatsa kiyi, tidaseka.

Uchitsiru wanga, ndidakaikamba kunyumba ndikuseka.

Apongozi adasiya kusenda adyo. Adafunsa ngati inali kabati yachitseko chobiriwira, yoyandikana ndi zenera. Ndidavomera. Adati bambo awo adaikhoma ndi manja awo.

"Ndiye pano ndi yako?"

"Kwa sabata yokha, amayi. Ndi mwambo chabe."

"Ndipatse nsapato zanga."

Njira yonse ndidawanyengerera, mpaka kuwakumbutsa za shuga wawo. Orna adatilandira bwino, adatereka khofi. Apongozi sadakhale pansi. Adatsegula kabati, kukankhira makaroni pambali, n'kumasisita thabwa lakumbuyo. Kenako adamuuza Orna zonse: dzina la bambo awo, mmene adatulukira, kachipinda kamene adafera, kutsidya kwa msewu komweku, akuona zenera lawo.

Ine ndidaima pafupi ndi makina. Kunena zoona ndinkapemphera kuti zovala zithe kuzungulira tisanathamangitsidwe.

Orna adati agogo ake adachokera ku Baghdad ndi sutikesi imodzi, nakonso adasiya nyumba, ndipo muno adachita kuikidwamo, sadasankhe. Apongozi adati amene adalanda nyumba ya ku Baghdad si iwo. Orna adati nayenso ku nkhondoyo kunalibe, adabadwira m'chipinda icho. Onse awiri adatembenukira kwa ine.

"Suheir, umadziwa?" adafunsa Orna.

Ndidati inde.

"Inenso ndimadziwa. Ndimadikira kuti uyambe ndiwe."

Pamenepo munthu wophunzira akadalankhula zogwira mtima. Ine ndidati zovala zatha.

Sabata itatha Orna adabwera pakhomo ndi shekeli ija m'manja. Apongozi adaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti chogula ndi chogula, kiyi ndisabweze. Orna sadatsutse. Adati mwalamulo lawo kabati ndi yangadi, nditha kukana. Akadakalipa zikadandipepukira.

Ndidabweza kiyiyo. Kabati ya m'khoma la eni ndikanaitani, kuinyamula pamutu? Koma shekeli ndidakana. Ndidati aisunge, kuti akamatsegula chitseko chobiriwiracho azikumbukira kuti nkhaniyi sinathe.

Zimene zidandigwera ndi izi. Apongozi amandilankhula podzera mwa Yazan, yemwe sanayambe n'kulankhula komwe. Orna sadandiletse makina, amandipatsa moni wautali kuposa kale, ndipo moni umenewo ndi umene ukundilepheretsa kuwoloka ndi dengu. Ndikuchapa pamanja m'bafa, zala zang'ambika, bulangete limodzi lachita nkhungu. Mabisiketi aja anali anga sabata yathunthu, ndipo sindidalaweko ngakhale limodzi.