Kaukonde ka Mpini Wautali

Kaukonde kovuulira nsomba ka bambo ake katasowa, Chisamba sadafune kufunsa kawiri. Amayi ake adati kankakhala pamsomali wapakhonde, ndipo munthu wolowa pakhondepo osaodira adali mmodzi yekha: a Telala a nyumba yoyandikana nayo, mnzawo wa bambo wokawedza nawo kudamu. Chisamba, mwana woyamba, wapakamwa pakuthwa chibadwire, adapita pageti la a Telala n'kuwalalatira makasitomala akumva. A Telala adangomuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupitiriza kusoka. Iye adati basi, mbava ndi yomweyi, n'chifukwa chake yasowa chonena.

Loweruka adatengana ndi bambo ake kukagula kena kusitolo ya zowedzera. Sitoloyo idali yopanikizana, yonunkha labala ndi penti, mbedza zili m'mabotolo, maukonde akulendewera kudenga moti munthu wamtali ankayenda chowerama. Chisamba adalowa ataumitsa kale nkhope, chifukwa ankawadziwa ogulitsa: akaona nkhalamba amayamba kutulutsa katundu amene wakanika kuyenda chaka chonse.

"Madala, aka ndiye kabwino," adatero mwini sitolo, akutsitsa ka mkombero wachitsulo. "Maso ake ndi aang'ono, alibe mfundo, mbedza siikodwa."

"Kolemera," adatero bambo.

Chisamba adawayang'ana. Kolemera? Awa ndi bambo amene adakalambira pa ukalipentala, amene mpini wa kaukonde kosowako adachita kusema okha ku mtengo wolimba, n'kumaseka anzawo a mipini yopepuka kuti akuwedza ndi zidole.

Mwini sitolo adatsitsa ka aluminiyamu. Bambo adakanyamula, kukagwedeza, n'kufunsa motsitsa mawu, "Kakagwera m'madzi kamayandama?"

"Ka mpini wapulasitiki ndi kamene kamayandama."

"Nanga ka lamba wokoleka padzanja muli nako?"

Apa mtima wa Chisamba udayamba kukana. Chinthu chobedwa pamsomali, munthu amafunsa za loko, osati za kuyandama. Adasiya kulondera mwini sitolo, n'kuyamba kulondera bambo ake omubereka. Adaona kuti kaukonde kalikonse akukalandira ndi dzanja lamanzere. Lamanja lidali m'thumba la jekete, jekete lakelo kunja kukutentha chonchi. Adakumbukanso madandaulo a amayi ake, kuti masiku ano bambo ako akutayira tiyi pansalu yapatebulo, ndevu asiya kumeta, ukawafunsa akuti ulesi wa ukalamba. Zonsezi adazimva kale, koma ankazimva ndi khutu limodzi.

Sadafune kuwafunsa, poti bambowo pozemba funso ndi akatswiri. Adadikira mpaka dzanja lamanzere litagwira ka pulasitiki kaja. Kenako adatenga ka mkombero wachitsulo, n'kuzungulira mbali ya kumanja.

"Bambo, tandigwirirani aka, ndimange nsapato."

Bambo adayang'ana nsapato zake. Zidali zopanda zingwe. Adamuyang'ana kumaso, ndipo onse awiri adadziwa chimene chikuchitika. Komabe munthu wamkulu sangakane kugwira kanthu pamaso pa mlendo. Adatulutsa dzanja lija, zala n'kuzungulira mpini bwinobwino. Chisamba atasiya, zalazo zidangomasuka zokha, kaukonde n'kugwera pasimenti, phokoso lake sitolo yonse. Mwini sitolo, munthu wa nzeru zake, adakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mabokosi ofunika kusanja kuseri.

"Zinayamba liti?" adafunsa Chisamba.

"Usakweze mawu."

"Ndafunsa kuti zinayamba liti."

Bambo adabweza dzanja m'thumba. Adati tsiku lija adapita okha kudamu, a Telala atapanikizika ndi mayunifolomu a sukulu. Adakola mlamba waukulu, kuukokera mpaka m'mphepete, kuulowetsa m'kaukonde. Pokweza, dzanja lidangofa. Kaukonde kadapita ndi nsomba yomwe, iwo akuyang'ana.

"Amayi ako akamva, mbedza zonse akaziponya kudzala. Ndiye ine ndizitani? Ndizikhala pakhonde kuwerenga magalimoto?"

"Nanga a Telala?"

"Ine sindinatchule dzina la munthu. Ndinangoti kasowa."

"Koma popita kukawatukwana ndinakudutsani muli pampando. Munandiona."

Chisamba adapsa mtima, koma mantha ndiwo adali aakulu. Dzanja lothawa mpini lingathawenso udzu wa m'mphepete munthu ataterereka, ndipo kudamu kuja pakati pa sabata kulibe ngakhale wokumva ukukuwa. Adalakalaka kuwakoka n'kutuluka nawo osagula kanthu. Koma adawadziwanso bambo ake: ukawatsekera khomo amatulukira pawindo, ndipo akadzapita mobisa adzapita okha.

"Lolemba tikupita kuchipatala, ndipo amayi ndikawauza ndine," adatero. "Izo sitikambirana." Kenako adaitana mwini sitolo n'kuloza pakona. "Ako katalikatali ako."

"Ako, achemwali, n'ka anthu awiri. Wina akukoka nsomba, wina akuvuula ndi manja onse. Munthu mmodzi sangakakwanitse."

"N'komweko ndikufuna."

"Ka lamba kaja kandikwana," adatero bambo.

"Kuti nsomba ikakoka kaukonde, ikokere ndi inu nomwe? Ayi. Mukafuna kudamu, muzipita ndi munthu."

"Munthu wake uti? Ndinali naye mmodzi."

Adatuluka nako chopingasa, mpini ukugunda chitseko. Mumsewu ana ankapatuka kuopa kukoledwa, ndipo Chisamba ankangomva manyazi akukula pamene ankayandikira kwawo, chifukwa mawu amene adalankhula pageti paja adali oti sangawatolenso. Atafika sadalowe kwawo, adaima pageti la a Telala.

"Ine ndipepesa zanga," adauza bambo ake. "Zanu munena nokha."

A Telala adali pakhonde, tepi ili m'khosi, akudula nsalu yabuluu. Adaona awiriwo, adaonanso chimpini chija chitaima ngati mzati, koma sadanene kuti lowani.

"Odi, bambo," adatero Chisamba, mawu atachepa. "Ndabwera kudzapepesa. Ndinakulakwirani kwambiri."

"Kaukonde kabwino," adatero a Telala, sizasi isadaime. "Koma kasiyeni kunja komweko. Muno zinthu zimasowa."

Chisamba adatembenukira kwa bambo ake, koma iwo ankangoyang'ana pansi, milomo ikuyenda popanda mawu. Iye adatambasula dzanja kuti atsegule geti, bambo n'kumuletsa ndi phewa. Adatulutsa dzanja lamanja m'thumba, n'kuliika pa kachitsulo kotsekera, kamene akhala akukakweza ndi chala chimodzi zaka zonsezi. Kadakwera pang'ono n'kugwa. Adayesanso, kadagwanso. Sadasinthe dzanja, ndipo sadalibise.

Sizasi idaima pakati pa nsalu. A Telala adavula magalasi, kuyang'anitsitsa dzanjalo, n'kutsika masitepe osavala ndi nsapato zomwe.

"Chisiyeni, achimwene," adatero. "Ndikutsegulirani."