Chipeso, Bakha, Dzira, Bakha

Ine kusukulu sindinapondeko, koma maso ndili nawo, ndipo m'nyumba muno palibe chimene chimalowa m'kamwa mwa munthu ndisanachinunkhize. Chaka chatha ndiye ndinachita kunyanya, poti mdzukulu wanga anali woyembekezera. Ndinkamulondera ngati mkaka uli pamoto.

Tsiku lina ndikusita zovala, pa wailesi anati mankhwala amene amathira m'zakudya kuti zisaonongeke msanga, ena akuwakayikira kuti angawononge chibadwa cha munthu. Ndinatula simbi pansi.

"Iwe, chibadwa n'chiyani?" ndinafunsa mdzukulu wanga.

"Ndi zija mwana amatengera kwa makolo, agogo. Mphuno, msinkhu, makutu."

Makutu! Malemu amuna anga anali ndi makutu ngati zivundikiro za mapoto. Ana anga onse anawatenga, mdzukuluyu akenso amachita kubisa mumpango. Chuma chimene anatisiyira bambo aja n'chomwecho basi. Ndiye chifufutike chifukwa cha majarini?

Kutacha ndinalawirira kugolosale. Wagolosale anafufuza pa foni yake, nkundiuza kuti mankhwalawo amati sobeti. Kenako anatenga botolo la juwisi nkundilozera ndi chikhadabo pamene alemba nambala yake. Zilembo sindizidziwa, koma maonekedwe ake ndinawaona bwinobwino: choyamba ngati chipeso, kenako bakha, dzira, bakha. Ndinabwerera ndikuimba mumtima kuti ndisaiwale.

Kunyumba ndinatsegula kabati ndi furiji. Majarini, abakha. Juwisi, abakha. Jamu, abakha omwewo, atabisala pansi penipeni. Zonse ndinakapereka kwa aneba, poti iwo anamaliza kalekale kubereka.

Mwamuna wa mdzukulu wanga ndi dalaivala wa basi, ndipo tiyi wopanda jamu samudutsa pakhosi.

"Agogo, jamu wanga wapita kuti?"

"Muli abakha."

"Abakha m'jamu?"

"Awiri. Inu amuna anga, ziyendetsani basi yanu, za m'khitchini siyirani eni ake."

Buledi wa m'pepala nayenso ndinamuletsa. Ndinapeza mayi wina wophika yekha, koma amakhala kutali ndipo mawondo angawa ndi a kale, choncho ndinkagula wokwanira sabata yonse. Pofika tsiku lachisanu buledi uja anamera timadontho tobiriwira. Ndinatenga mpeni nkuyamba kupala, monga ndakhala ndikuchitira moyo wanga wonse. Mdzukulu anandipeza mpeni uli m'manja.

"Agogo! Zimenezi ndi zomwe mwakhala mukundidyetsa?"

"Ndapalatu, taona kuyera kwake."

Tsiku la sikelo mdzukulu anandigwira dzanja mpaka kuchipatala, nkukandineneza kwa anamwino ngati mwana wakuba shuga. Anamwino anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Agogo, chuku chimenecho ndiye choopsa. Mizu yake imalowa mkati, kumene mpeni wanu sufika. Abakha anuwo ntchito yawo ndi kuletsa chuku chomwecho."

"Nanga pa wailesi ananama?"

"Sananame, koma simunamve zonse. Ena anayesa pa magazi a m'kabotolo atathiramo sobeti wambiri, anaona zowonongeka. Ena anayesa osapeza kanthu. Wa m'chakudya ndi wochepa kwambiri, ndipo oyeza zakudya amati pa mlingo umenewo palibe choopa."

"Ndiye makutu abwera?"

Anamwino anayang'ana makutu anga, anayang'ana a mdzukulu amene anali atasuzumira kunja kwa mpango, nkuti, "Awa? Awa sangabwezedwe ndi jamu."

Ndinagonja, koma theka. Buledi wa m'pepala anabwerera, jamu wa adalaivala anabwerera. Juwisi ayi. Munthu woyembekezera azidya lalanje losenda yekha, limene waliona ndi maso ake.

Mwana anabadwa Lachiwiri masana. Atandipatsa kuti ndimunyamule, sindinafunse n'komwe ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndinangokweza kachipewa. Uku chivundikiro, uku chivundikiro! Ndinakhala pansi misozi ili chuchuchu, ngati ndakumana ndi malemu pakhomo.

Adalaivala anasuzumira nkugwira pakamwa.

"Agogo, mwana wangayu kukachita mphepo tizimumangirira."

"Khalani chete, amuna anga. Makutu amenewa ndawalondera ndine miyezi isanu ndi inayi. Ndipo musamupsompsone, pakamwa panu pali jamu."